Mnyamata amene anasewerera sukulu imene sankaphunzirako

Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Mangochi, komanso mlembi wa komiti imene imayendetsa mipikisano ya mpira pakati pa sukulu za m'kilasita yathu, gulu la sukulu zoyandikana. Nkhani iyi tinaiweruza m'chaka cha sukulu cha 2024/2025. Mayina a anthu ndi a sukulu ndawasiya dala, popeza mwini nkhani ndi mwana ndipo akadali pasukulu. Ndailembera anzanga a ntchito ngati yangayi chifukwa dandaulo lake linabwera ngati la zaka, monga amabwerera madandaulo ambiri, koma pamene panavunda panali pena.

Momwe zinthu zinalili

Sukulu zokhudzidwa zinali ziwiri. Yoyamba ndi CDSS ya m'mbali mwa nyanja, kumene ana ambiri amachokera m'mabanja a asodzi. Bwalo lake ndi lamchenga, ndipo jezi imene ali nayo ndi imodzi yomweyo, amangopatsirana chaka ndi chaka. Yachiwiri ndi ya pulayiveti, pafupi ndi boma, imene m'zaka zapitazi yaika mtima kwambiri pa mpira. Timu yake imathandizidwa ndi munthu wina wabizinesi amene anakhalapo ku Joni, ali ndi zilimira ndi shopu, ndipo anyamata amangoti "abwana". M'lipoti lino ndizimutchula kuti wothandiza timu.

Si zodabwitsa kuti sukulu zili ndi njala ya zikho. Sukulu ya pulayiveti ikatenga chikho, makolo amamva dzina lake ndipo Fomu 1 imadzadza. Kuwonjezera apo, bungwe loyendetsa mpira mu Africa la CAF litakhazikitsa mpikisano wa sukulu za mu Africa mu 2022, anyamata a Salima Secondary School n'kukatenga malo achitatu ku Durban mu 2023, eni sukulu ndi makolo omwe anaona kuti mpira wa ana ungabweretse ndalama ndi mbiri. Mwana wodziwa kumwetsa zigoli anasanduka wosakidwa.

Malamulo a mpikisano wathu pa nkhani ya osewera anali afupi kwambiri. Wosewera akhale wobadwa pa 1 January 2008 kapena pambuyo pake. Dzina lake likhale pa mndandanda wosainidwa ndi ahedi, wokhala ndi chidindo cha sukulu. Ndipo akhale "wophunzira weniweni wa pasukulupo". Mawu otsirizawa sitinawamasulire paliponse. Aliyense ankaganiza kuti ndi odziwikiratu.

Dandaulo

Sukulu ziwirizi zinakumana mu semifainolo, ndipo ya pulayiveti inapambana ndi zigoli ziwiri kwa chimodzi. Zigoli zonse ziwiri anamwetsa mnyamata wovala nambala 9. Mmawa wake mphunzitsi wa zamasewero wa CDSS anabweretsa kalata yokhala ndi mfundo ziwiri. Yoyamba, imene anailemba masamba awiri athunthu, inali yoti mnyamatayo ndi wamkulu, wapitirira zaka, ndipo aliyense woona chifuwa chake ndi akatumba ake sangakayike. Yachiwiri anangoidutsa m'mizere itatu: mnyamatayo anali wophunzira wawo wa Fomu 2 mpaka kumayambiriro kwa teremu yachiwiri, anasowa osatsanzika, ndipo sukulu sinamulemberepo kalata ya transfa.

Komiti itakumana, pafupifupi onse anathamangira mfundo yoyamba. Amene anaonera masewerowo ankagwirizana kuti "amene uja ndi mdala". Wina anafika ponena kuti tingomuitana aime pakhomo, nkhani ithere pomwepo. Wapampando anakana, ndipo ndinamuikira kumbuyo. Tinagwirizana zofufuza mfundo zonse ziwiri payekhapayekha, ndi kuti fainolo idikire.

Za zaka

Kuno kunyanja maso amanama. Mwana amene wayamba kupalasa bwato ndi kukoka makoka ali ndi zaka khumi amakhala ndi mapewa a munthu wamkulu asanafike Fomu 1. Mnzake wa msinkhu womwewo wokulira m'tauni amaoneka ngati mng'ono wake. Tikamaweruza ndi maonekedwe, ndiye kuti ana a asodzi tidzawachotsa m'mipikisano onse, pomwe obera zaka enieni, amene nthawi zambiri amakhala ang'ono thupi ndi ometa bwino, adzatidutsa pamphuno.

Pofuna kudziwa zaka za osewera, FIFA inayamba kujambula mafupa a dzanja ndi makina a kuchipatala a MRI pa mipikisano ya osapitirira zaka 17 mu 2009. Komiti ya kilasita ilibe njira imeneyo. Chimene tili nacho ndi mapepala, ndipo mapepala a mnyamatayu sankagwirizana.

Fomu imene sukulu ya pulayiveti inatipatsa inkati anabadwa mu 2010. Kaundula wa CDSS, amene anakopera kuchokera pa zimene zinalembedwa polembetsa mayeso a Sitandade 8 ku MANEB, ankati 2009. Titapita ku pulayimale kumene anayambira sukulu, buku lakale lolembamo ana oyamba Sitandade 1 linkati 2008, lopanda tsiku, lopanda mwezi. Setifiketi yobadwira analibe, ndipo izi n'zosadabwitsa: kulembetsa mwana akabadwa kunakhala kokakamiza mu 2015, choncho ana ambiri obadwa kumudzi zisanafike apo alibe pepala limeneli. Chiphaso cha unzika, chimene bungwe lolembetsa nzika la NRB limapereka munthu akakwana zaka 16, anali asanatenge. Khadi la kusikelo linaonongeka mu 2024 pamene nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba za m'mbali mwa gombe.

Ahedi a sukulu ya pulayiveti anapereka maganizo oti mnyamata akalembetse chiphaso cha unzika msanga kuti nkhani ithe. Tinakana. Chiphaso ndi pepala lolemekezeka, koma tsiku lobadwa limene limalembedwapo limachokera pa zimene mwini wake ndi omuikira umboni anena. Chiphaso chotengedwa mkangano uli mkati sichingathetse mkanganowo. Mfundo imene tinatsatira, imene ndikufuna anzanga aigwire, ndi yakuti pepala lolemera ndi limene linalembedwa kale, pa nthawi imene palibe amene akanapindula ndi bodza. Mphunzitsi wa Sitandade 1 akhoza kulakwitsa chaka pongoyerekeza, koma sakanamiza kuti mwana adzasewere mpira zaka khumi zikubwerazo.

Amene anatitsegula maso ndi mayi ake a mnyamata. Tinawapeza pakhomo akuyanika usipa pa thandala, ndipo popeza amamasuka kwambiri m'Chiyao, mnzathu wina wa m'komiti ndiye ankatanthauzira. Chaka sankachidziwa. Chimene ankakumbuka n'chakuti tsiku lovota limene a Bingu wa Mutharika anapambana kachiwiri, iwo anaima pamzere mwanayu ali kumsana, asanayambe kukhala pansi yekha, ndipo anthu anawalola kupita kutsogolo chifukwa ankalira. Chisankho chimenecho chinachitika mu May 2009. Mwana wosayamba kukhala pa nthawiyo ndiye kuti anabadwa kumapeto kwa 2008 kapena kumayambiriro kwa 2009.

Apa nkhani ya zaka inagwa. Kaya titenge 2008, kaya 2009, kaya 2010, mnyamatayo anali mkati mwa malire a mpikisano. Sanabere zaka.

Koma funso lina linatsala lili chiimire. Ngati mwanayo anali woyenera kale, 2010 inachokera kuti? Mayi sanainene, mwana sanainene, palibe buku lakale limene linali nayo. Wina anaichita kupeka, ndipo cholinga chake sichivuta kuchiona: kumuchepetsa chaka chimodzi kuti adzasewere nyengo ina yowonjezera. Munthu amene wapeka chaka popanda chomukakamiza angapekenso zina. Tinabwerera ku mizere itatu ija.

Za kukhala wophunzira weniweni

Ku sukulu ya pulayiveti anatilandira bwino. Anationetsa dzina la mnyamata m'kaundula wa Fomu 2, lisiti ya fizi yolembedwa kuti zonse zalipiridwa, yunifolomu, ngakhale makope ake.

Kaundulayo ndinamuyang'ana nthawi yaitali. Mayina onse anali m'ndondomeko ya afabeti, olembedwa ndi inki yabuluu imene inali itayamba kufwifwa. La mnyamatayu linali pansi penipeni, ndi inki yakuda. Zimenezo pazokha si mlandu, mwana wobwera mochedwa amalembedwa pansi. Chimene chinandiimitsa ndi zizindikiro zoti wabwera m'kalasi. Za ana ena zinali zosiyanasiyana, lero cholembera ichi, mawa china, pena chopendekera, pena mpata wa tsiku limene mwana anadwala. Za iyeyu zinali zofanana kuyambira koyamba mpaka kotsiriza, cholembera chimodzi, dzanja limodzi, popanda tsiku ngakhale limodzi lojomba. Zinaikidwa nthawi imodzi. Makope nawo anali atsopano, dzina pachikuto, tsamba loyamba ndi lachiwiri zolembedwa bwino, kwinako koyera.

Sitinafune kuchititsa manyazi mphunzitsi aliyense pamaso pa ana. Tinangopempha mapepala a mayeso apakati pa teremu a Fomu 2, a phunziro lililonse. La mnyamatayu silinapezeke ngakhale limodzi. Ana a m'kalasimo, titawafunsa mocheza kuti amakhala desiki iti, anayang'anana. Onse ankamudziwa, koma ankamudziwira kubwalo.

Kalata ya transfa kunalibe. Ahedi anati makolo analonjeza kubweretsa. Ndipo pamene tinafunsa za mayeso a JCE, m'chipindamo munakhala bata. Mwana wa Fomu 2 amayenera kulemba mayeso amenewa, amene boma linawabwezeretsa mu 2021, ndipo kulembetsa kwake kumachitika kumayambiriro kwa chaka cha sukulu. Mnyamatayu analembetsa kale ku CDSS, nambala yake ya mayeso inali ya senta ya kumeneko. Sukulu yatsopanoyo sinachitepo kanthu pa za mayeso ake, ngakhale kufunsa. Anamutenga ngati mmene mwini chilimira amatengera alovi, anyamata omugwirira ntchito panyanja: usiku ukatha, nsomba zikagulitsidwa, aliyense kwawo.

Zimene mnyamata ndi amalume ake ananena

Mnyamatayo sitinamuike pamaso pa komiti yonse. Malamulo aakulu a dziko lino, monga anasinthidwira mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo mwana sazengedwa ngati wakuba pakati pa akuluakulu khumi. Anacheza naye anthu awiri, ine ndi mphunzitsi wina wamkazi wa sukulu yosakhudzidwa, amalume ake ali pomwepo. Tinayamba ndi kumuuza kuti nkhani ya zaka yatha ndipo iye sananame. Mapewa ake anatsika, n'kuyamba kuyankhula.

Kumayambiriro kwa teremu yachiwiri anabwezedwa ku CDSS chifukwa cha ngongole ya fizi. Bambo ake ali ku Joni ndipo anali atasiya kutumiza ndalama. Anakhala pakhomo, usiku n'kumapita panyanja. Wothandiza timu uja, amene anamuona akusewera pa bonanza ina ya m'mudzi nthawi ya tchuthi, anafika kwa amalume ake ndi malonjezo: fizi yonse, malo ogona, nsapato za mpira, foni, ndiponso kudzamuonetsa kwa anthu a matimu a mu Super League. Nsapato ndi foni zinaperekedwadi. Malo ogona anali kachipinda ka kuseri kwa shopu. Mmawa ankathandiza kutsitsa katundu, masana n'kupita kokonzekera masewero.

Ndinamufunsa kuti nanga kalasi? Anati, "Sala, ananena kuti za m'kalasi tidzaona mpikisano ukatha."

Amalume ake anamvetsera zonse ali chete. Kwa Ayao, monga kwa Achewa ambiri, mawu a malume pa mwana wa mlongo wake ndi olemera, ndipo wothandiza timu ankadziwa khomo loyenera kugogoda. Mayi anangouzidwa zitatha. Titamaliza, bamboyo anatiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mukuti mwana abwerere kumene anali. Chabwino. Nanga ngongole imene inamuthamangitsa ija mwalipira ndani? Nthawi yonse imene anali pakhomo, ndani wa kusukulu kuja anabwera kudzafunsa? Mwamukumbukira lero chifukwa wakumwetsani zigoli."

Sindinawayankhe pomwepo, chifukwa ananena zoona. Titayang'ana kaundula wa CDSS tinapeza mzere wautali wa masiku ojomba, popanda kalata yopita kwa makolo, popanda munthu wotumidwa kukaona. Mwana wolembetsa JCE anasowa, ndipo amene anayamba kumufuna ndi mphunzitsi wa zamasewero, atamuona atavala jezi ya eni ake. Mawu a amalumewa ndinawalemba m'lipoti la komiti monga anawanenera, ndipo anasintha kaweruzidwe kathu.

Chigamulo ndi zifukwa zake

Pa zotsatira za masewero panalibe mkangano. Sukulu ya pulayiveti inaseweretsa munthu amene sanali wophunzira wake, choncho chipambano chinapita ku CDSS. Tinalemba momveka kuti chifukwa chake si zaka, kuti dzina loti "mdala" lisamutsatire mwanayo.

Mkangano unabuka pa zilango. Ena ankafuna timu yonse ya pulayiveti iletsedwe zaka ziwiri. Tinatenga mndandanda wawo n'kuunika dzina lililonse monga tinachitira ndi nambala 9, ndipo anyamata ena onse anapezeka kuti ndi ana a m'kalasi enieni, makope odzadza, mayeso olemba. Kuwaletsa kukanakhala kulanga ana chifukwa cha zochita za akuluakulu, ndipo anali atalangika kale potaya fainolo. Chilango tinachiika pa amene anasaina. Mphunzitsi wa zamasewero wa sukulu ya pulayiveti anachotsedwa pa benchi mpaka kutha kwa chaka chotsatira. Ahedi analandira kalata ya chenjezo, ndipo nkhani ya kaundula wopeka tinaitumiza kwa akuluakulu oyang'anira maphunziro, popeza kulanga mphunzitsi pa ntchito yake si mphamvu ya komiti ya mpira. Wothandiza timu si wantchito wa sukulu iliyonse, sitikanamulanga, koma tinauza sukuluyo kuti asapezekenso pa benchi kapena m'chipinda chovalira pa masewero athu.

Ena ankafunanso kuti mnyamatayo aletsedwe chaka chathunthu kuti ena atengerepo phunziro. Apa ndinalimbana nawo kwambiri. Mwana amene wabwezedwa pasukulu, bambo ake kulibe, malume ake avomera, munthu wachuma wamulonjeza fizi, kodi tinkayembekeza kuti akane? Ndiponso mpira ndi chingwe chokhacho chimene chinali chikumugwirabe ku sukulu. Kudula chimenecho kunali kumupereka kunyanja kapena pa msewu wa ku Joni, umene anyamata ambiri a kuno amaudziwa bwino kuposa njira ya ku Fomu 4. Komiti inavomera kuti asaletsedwe.

Tsono panabwera chinthu chimene sitinachiyembekezere. Chigamulo chitangomveka, a CDSS anapempha kuti popeza tavomereza kuti mnyamatayo akadali wawo, asewere mbali yawo pa fainolo. Pa pepala anali ndi mfundo: dzina lili m'kaundula wawo, nambala ya MANEB ndi ya senta yawo, transfa sinalembedwe. Ena a m'komiti anaona ngati n'chilungamo, sukulu yolakwiridwa ibwezeredwe chake.

Tinakana, ndipo ndimaona kuti apa ndi pamene chigamulo chonse chinaimira. Tinali titangolanda chipambano kwa sukulu ina chifukwa mwanayo sankalowa m'kalasi mwawo. Ku CDSS nakonso anali asanalowe m'kalasi pafupifupi teremu yonse. Tikanamulola, ndiye kuti tikunena kuti wophunzira weniweni ndi amene dzina lake lili m'buku loyenera, osati amene akuphunzira. Ndipo mwanayo akanaona kuti sukulu zonse ziwiri zikufuna miyendo yake basi. Tinagamula kuti mpikisano wa chaka chimenecho wamuthera, ndipo adzaseweranso akabwerera m'kalasi n'kulemba JCE. Mphunzitsi wodandaula uja anatuluka m'chipindamo atakwiya kuposa amene analangidwa.

Zimene zinatsatira

Masabata oyamba anali oipa. Wothandiza timu anatenganso foni ndi nsapato, n'kumuuza mnyamatayo kuti achoke kuseri kwa shopu. Kumudzi anzake ankamuseka kuti wagwetsa matimu awiri nthawi imodzi. Ku CDSS sanapite. Anabwerera panyanja.

Komiti ikanatha kunena kuti ntchito yake yatha, popeza chigamulo chinali chitaperekedwa. Koma tinali titalemba m'chigamulomo kuti ahedi a CDSS adzatiuze pa msonkhano wotsatira kumene mwanayo ali, ndipo mzere umenewo ndi umene unagwira ntchito. Ahedi anatuma mphunzitsi wa kalasi yake, mayi wodekha amene amayankhula Chiyao, kuti akaonane ndi banja. Anapita ndi amayi awiri a m'gulu la amayi loona za ana pasukulupo, ndipo anayamba kwa amalume, monga mwa mwambo. Shehe wa pamudzipo, amene anamuphunzitsa mnyamatayo ku madrasa ali wamng'ono, anayankhula nayenso. Komiti ya makolo ndi aphunzitsi inavomera kuti ngongole ilipiridwe pang'onopang'ono ndipo mwana asabwezedwenso mpaka mayeso atatha. Amalume analonjeza kupereka kanthu nsomba zikagwidwa, ndipo anasunga lonjezo lawo.

Anabwerera kumayambiriro kwa teremu yachitatu ali m'mbuyo kwambiri, makamaka pa masamu. Mphunzitsi wa zamasewero wa CDSS yemwe uja, mkwiyo utamuphwa, ndi amene ankamusonkhanitsira manotsi kwa anzake. Ndikulemba zimenezi chifukwa n'zoona ndipo munthuyo ayenera kuyamikiridwa. Fainolo CDSS inagonja popanda nambala 9. Mnyamatayo analemba JCE pa senta yake, anakhoza ngakhale kuti sanakhoze mopatsa kaso, ndipo analowa Fomu 3. Chiphaso cha unzika anakatenga pambuyo pake, ndi chaka chogwirizana ndi cha ku MANEB.

Zimene tinasintha m'malamulo

Mlanduwu unationetsa kuti lamulo lathu lachitatu linali chigoba. Tinalilembanso, ndipo tsopano wophunzira weniweni ndi amene walowa m'kalasi masiku ochuluka a teremu imene mpikisano ukuchitika ndipo walemba mayeso a pasukulupo. Umboni wake si kaundula yekha, amene taona kuti angadzazidwe madzulo amodzi, koma mapepala a mayeso ochongedwa. Mndandanda wa osewera umatsekedwa mpikisano usanayambe, uli ndi chithunzi cha mwana aliyense ndi nambala yake ya MANEB ya Sitandade 8, ndipo sukulu zonse zimaona mindandanda ya zinzake pa msonkhano umodzi. Wokayika amakayikira pamenepo, osati atagonja. Mwana wosamuka pakati pa chaka amadikira teremu imodzi asanasewere, pokhapokha ngati banja lonse lasamuka, ndipo kalata ya transfa iyenera kukhalapo.

Pamene tinakhalitsa ndi pa funso loti kodi tiletseretu sukulu kukopa osewera ndi fizi. Anzanga a ma CDSS ankafuna choncho, ndipo ndimawamvetsa: amalera mwana kuyambira Fomu 1 pa bwalo lamchenga, wina n'kudzamutenga atapsa. Koma ine sindikanavomera. Mwana wa msodzi amene ali ndi luso la mpira ali ndi chinthu chimodzi chimene angagule nacho maphunziro, ndipo ife amene tinkamubweza chifukwa cha ngongole tinalibe nkhope yomuletsera kupita kumene akumulipirira. Cholakwa m'nkhani iyi sichinali kulipirira mwana fizi. Chinali kumulonjeza sukulu n'kumupatsa bwalo lokha.

Choncho tinalola, koma ndi zomangira. Sukulu yofuna kuthandiza wosewera iyambe yauza ahedi a kumene mwanayo ali. Mgwirizano ulembedwe, usainidwe ndi sukulu, kholo kapena malume, ndi mboni ya komiti, ndipo mayi ake a mwana amve zonse ndi makutu awo, m'chiyankhulo chimene amamva. Thandizo likhale la mpaka mwana atalemba mayeso a boma otsatira, JCE kapena MSCE, ndipo lisathe chifukwa wavulala, watsika mphamvu kapena wasiya mpira. Amene amasaina ndi sukulu, osati wabizinesi wa kunja, kuti tidziwe womufunsa zinthu zikavuta. Nkhani ya senta ya mayeso ithetsedwe mwana asanavale jezi. Malamulo amenewa ndi a kilasita yathu yokha. Pa mipikisano ya bungwe la masewero a m'sukulu la MASSA kapena ya bungwe la mpira la FAM timatsatira a eni mpikisano, ndipo athuwa amangowonjezera pa ana athu.

Mbali ya sukulu yosiyidwa nayonso tinaikhudza. Sukulu imene ikudandaula kuti yaberedwa wosewera iyenera kuonetsa zimene inachita mwanayo atayamba kujomba: kalata, uthenga kwa makolo, munthu amene anatumidwa. Dandaulo timalimvabe ngakhale palibe, koma timalemba m'lipoti kuti panalibe, ndipo ahedi sakonda kuona mzere umenewo.

Pali mabowo awiri amene sitinawatseke. Wothandiza timu uja akutengabe anyamata, tsopano kudzera m'mabonanza a m'midzi ndi timu yake ya kudoko, kumene komiti ya sukulu ilibe mawu. Bowo linalo ndi la ophunzira a open, amene amaphunzira masana pa sukulu zomwezo ndipo kaundula wawo sasungidwa mofanana ndi wa ammawa. Sukulu ina yalembetsa kale atsikana atatu a open pa timu ya mpira wamanja, inzake yakana kusewera nawo, ndipo nkhaniyo ili pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wathu ukubwerawu.